"Haibulidi" si dzina la nyumba

Mawu oti "nyumba ya haibulidi" sayenera kulowa m'mabuku a sukulu, pakuti Mmalawi akamva haibulidi amaganiza za mbewu ya chimanga. Nawonso mawu oti "yosakaniza" ngosocheretsa, chifukwa matabwa sathiridwa m'konkire ngati mchenga. Pa nyumba ya Brock Commons ku Vancouver, yomalizidwa mu 2017, nsanjika yapansi ndi makoma ozinga makwerero nzakonkire, pamene mizati ya nsanjika 17 zapamwamba njamatabwa. Potero pamalowa matumba ochepa a simenti, ndipo mpweya wa kaboni wotuluka powotcha miyala ya laimu m'fakitale umachepa. Choncho alembi ndi aphunzitsi azinena kuti "nyumba yophatikiza matabwa ndi konkire".