Za Mawu Oti "Kusungunuka" ndi "Mphamvu" m'Zolemba za Sayansi

Olemba ndi aphunzitsi ambiri pofotokoza za madzi m'Chicheŵa amadalira mawu aŵiri okha, kusungunuka ndi mphamvu, ngati kuti chinenero chathu chilibe ena. Chizoloŵezi chimenechi chili ndi vuto, ndipo vutolo limaonekera poyera tikafika pa nkhani ya tinthu ting'onoting'ono tovundula madzi.

Madzi amene anthu a mu mzinda wa Zomba amamwa amachokera ku damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri. Mvula ikagwa, madzi a m'mitsinje amavunduka. Mchenga umadikha msanga, koma tinthu ta dongo tosaoneka ndi maso timakhalabe m'madzimo masiku ambiri. Tinthu totere Thomas Graham anatitcha colloid mu 1861. Tinthuti sitinasungunuke ayi. Mchere ndiwo umasungunuka, dongo limangovunduka. Wolemba amene anena kuti "matope asungunuka m'madzi" waphatikiza zinthu ziŵiri zimene sayansi imazilekanitsa.

Kulekanitsaku si nkhani ya maonekedwe chabe. Mu 1947 Boris Derjaguin ndi anzake anaonetsa kuti ngati mbali imodzi ya madzi yakolera mchere kuposa inzake, tinthu tovundukato timayamba kuyenda, mwina kuloŵera kokolerako, mwina kuthaŵako, popanda pampu yokankha. Azungu amati diffusiophoresis. Mu 2017 ofufuza a ku Princeton anagwiritsa ntchito mpweya wa carbon dioxide wosungunuka m'madzi kukankhira tinthuti mbali imodzi, nasiya madzi oyera osadzera m'sefa. Amene amayerekezera zimenezi pa kompyuta, monga ndi pulogalamu ya COMSOL Multiphysics, amalemba masamu osiyana: ena a chosungunuka, ena a chovunduka, enanso a kayendedwe ka madzi. Nanga mphunzitsi adzanena bwanji kuti chosungunuka chikuyendetsa chovunduka ngati zonse ziŵiri wazitcha zosungunuka?

Mawu oti mphamvu ndiwo ovutitsa koposa. Tikuwasenzetsa katundu wa mitu inayi: kukankha kapena kukoka, nyonga yogwirira ntchito, magetsi, ndiponso kuchuluka kwa mchere m'madzi. Chiganizo choti "kusiyana kwa mphamvu kumabala mphamvu" chikhoza kukhala choona, koma palibe mwana wa sukulu angatolepo kanthu. Chonsecho amayi kukhitchini ali nawo kale mawu oyenera. Amati ndiwo zakolera mchere, tiyi wakolera shuga. Kuchokera ku mneni ameneyu tikhoza kupanga dzina loti makoleredwe, monga tinapangira kalembedwe ndi kayendedwe, ndipo chimene chimayendetsa tinthu tija tingachitche kusiyana kwa makoleredwe. Ena adzati mawuŵa ndi a kumphika. Ine sindiona choipa. Dzina la Graham lija linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza guluu.

Dzina limenelo tingathe kulibwereka, pakuti ndi lalifupi ndipo limaloŵa bwino m'gulu la maina: koloyidi, makoloyidi. Tilembe ndi y pakati, monga timachitira polemba mayi. Koma diffusiophoresis tisalimbane nalo. Kulemba "difyuziyofolesisi" ndi kungosamutsa mdima kuchoka m'chinenero china kudza m'chathu. Ndi bwino kulifotokoza: kuyenda kwa makoloyidi chifukwa cha kusiyana kwa makoleredwe.

Bungwe la Chichewa Board litatha, ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies, yomwe inakhazikitsidwa mu 1996 mu Zomba momwemo, kufupi ndi akatswiri a kemisitiri a ku Chirunga. Maina atatuŵa, chosungunuka, chovunduka ndi makoleredwe, ayenera kuyesedwa ndi mbali zonse ziŵirizo asanaloŵe m'mabuku a sukulu.