Luso Loona M'mutu Popanda Mpeni

Ku Salisbury Lines mu Mzuzu, komwe madzi amadikha m'ngalande dzinja likafika, mayi aliyense amaopa malungo okomola mwana. Chimene chimapha ana oterewa chinaululika konkuno ku Malawi.

Mu 2008 chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinalandira makina a MRI, oyamba m'dziko muno. Dr Sam Kampondeni, Dr Karl Seydel, Dr Terrie Taylor ndi anzawo anaunika ndi makinawa ubongo wa ana 168 odwala malungo oterewa, chithunzi ndi chithunzi, mosatopa. Mu 2015 analengeza zomwe anapeza: ubongo umatupa, n'kupanikiza mbali yolamulira kupuma, mpweya n'kutha.

Lero madokotala akudziwa mdani amene akulimbana naye. Akatswiri ojambula m'thupi inu, tikukuvulirani chipewa. Phunzitsani achinyamata ambiri, luso limeneli lizike mizu ngakhale kuno kumpoto.