Luso la Madalaivala a ku Mfuwe

Galimoto zambiri zoyendetsa alendo mu South Luangwa National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndi ma Land Cruiser opanda mawindo. Mipando yake ndi yawofuwofu, ndipo yakumbuyo ndi yokwererapo kuti aliyense aone nyama bwino, koma amene amateteza mlendo kwenikweni ndi dalaivala. Mvula ikagwa, dothi lakuda la m'chigwa cha Luangwa limasanduka phala. Dalaivala waluso amalowetseratu giya yamphamvu yokoka mawilo onse anayi asanafike pamatope, osati atatitimira kale. Akakumana ndi njovu yokhala ndi mwana, amaima chapatali galimoto italoza kothawira, n'kumayang'anitsitsa makutu ndi chitamba chake.

Ena anganene kuti galimoto zapamwamba za masiku ano zili ndi makamera ndi masensa ochenjeza, choncho luso lotere latha ntchito. Zipangizozo zimathandizadi pamsewu wa phula wochokera ku Chipata kupita ku Mfuwe, polowera m'pakiyi. Komatu sensa imangoyeza mtunda, siingasiyanitse njovu yongoopseza ndi imene yatsimikiza kuthamangitsa galimoto. N'chifukwa chake madalaivala otsogolera alendo m'pakimu amayamba akhoza mayeso ovuta asanawapatse chiwongolero.