Bwanamkubwa ndi wa Yani? Kusanthula Ndime 11 ya Lamulo la Makhonsolo

Mawu oti boma ali ndi nkhope ziwiri m'Chichewa. Mayi wa ku Ulongwe akanena kuti mawa alawirira ku boma, ndiye kuti akupita ku Balaka, kumene kuli ofesi ya DC ndi chipatala chachikulu. Mayi yemweyo akadandaula kuti boma lachedwetsa feteleza, maso ake ali ku Lilongwe. N'chifukwa chake mukaima pamsika wa Ntaja n'kufunsa kuti kodi bwanamkubwa ndi wa yani, yankho libwera msangamsanga lakuti ndi wa boma, ndipo woyankhayo sananame. Chotsala n'chakuti boma lake liti, lapafupi kapena lakutali. Funso lomweli lili m'kati mwa ndime 11 ya lamulo loyendetsera makhonsolo, Local Government Act. Amene angawerenge ndimeyi modekha, mmene inalembedwera mu 1998 ndi mmene inasinthidwira mu 2010, apeza chifukwa chimene ntchito ya bwanamkubwa ikuvutikira kukhala luso loima palokha, lokhala ndi eni ake otha kuphunzitsana ndi kutetezana.

Lamuloli ndi boma la Balaka anabadwa chaka chimodzi. Mu 1998, nthawi ya Bakili Muluzi, Balaka inadulidwa ku Machinga n'kuyamba kudziimira payokha. Chaka chomwecho nduna zinavomereza ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, Nyumba ya Malamulo n'kukhazikitsa lamulo tikunenali. M'mbuyomo m'boma lililonse munali mitu iwiri: DC, woimira ofesi ya mtsogoleri wa dziko, ndi kalaliki wa khonsolo, wosunga mabuku a misonkho ya m'misika ndi ziphaso za malonda. Ndondomeko yatsopanoyo inafuna kuphatikiza maofesi awiriwa, ndipo ndime 11 ndiyo inaumba munthu wodzakhala pampando wophatikizidwawo.

Ndimeyi ndi yaifupi, ndipo imachita zinthu zitatu motsatana. Choyamba imakhazikitsa udindo n'kuupatsa dzina. Dzina limene alembi a 1998 anasankha ndi Chief Executive Officer, dzina la kumakampani, kumene bwana woyendetsa ntchito amalembedwa ndi bodi ndipo amayankha ku bodi. Iwo anazemba dzina loti DC, lomwe linabwera ndi atsamunda ndipo limanunkha msonkho wa nyumba ndi chipewa cha nthenga. Koma dzina lakale silinafe. Ku Nselema kapena ku Phalula simudzamva munthu akuti wapita kukaonana ndi Chief Executive. Pakamwa pa anthu anakhalabe DC, ndipo pakamwa pa anthu panaoneratu kumene zinthu zidzapite.

Chachiwiri, ndimeyi imanena wolemba ntchito munthuyu. Mu 1998 wolemba ntchitoyo anali khonsolo, imene panthawiyo lamulo linkaitcha Assembly. Chachitatu, imandandalika ntchito zake, ndipo mndandandawo ndi wofunika kuuyang'anitsitsa. Pamwamba penipeni pali kukwaniritsa zimene khonsolo yagwirizana. Kuyendetsa ofesi tsiku ndi tsiku, kuyang'anira nthambi zosiyanasiyana ndi kusunga mwambo pakati pa antchito kukubwera pambuyo, ndipo zonsezi azichita motsogozedwa ndi khonsolo. Mbali zitatuzi zimagwirizana ngati mafuwa: dzina, wolemba ntchito ndi wolamula onse akuloza kumodzi. Zimagwirizananso ndi ndime 147 ya malamulo oyendetsera dziko, imene imaika antchito a m'makhonsolo pansi pa osankhidwa ndi anthu kuti azikwaniritsa zimene osankhidwawo agwirizana movomerezeka.

Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu November 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka pa 20 May 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo mipando ya makhansala ku Machinga, ku Balaka ndi m'dziko lonse inali yopanda anthu. Ndi m'kati mwa zaka zimenezi, mu 2010, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, momwe lamuloli linasinthidwa. Nyumba inasinthidwa maloko eni ake kulibe.

Kusintha kwa ndime 11 kunali kwa mawu ochepa kwambiri. Mneni woti kulemba ntchito anakhala pomwepo. Amene anasintha ndi wochita ntchitoyo: mphamvuyo inapita kwa nduna ya maboma ang'onoang'ono. Koma mndandanda wa ntchito sunagwedezeke. Bwanamkubwa anayenerabe kukwaniritsa zimene khonsolo yagwirizana, motsogozedwa ndi khonsolo yomweyo. Fuwa la wolemba ntchito linasunthidwa, la wolamula n'kutsala pamalo pake, ndipo mphika wokhala pa mafuwa otere umapendekeka. Kuyambira pamenepo ndime imodzimodziyo inayamba kuuza munthu mmodzi zinthu ziwiri: mvera awa uli nawo m'chipinda, koma ntchito wakupatsa ndi uja ali ku Capital Hill. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Ndime zoyandikana nazo zinakhudzidwanso, ndipo zonse zinapendekera mbali imodzi. Pa ndime 6, yonena za ntchito za khonsolo, anachotsapo mawu amodzi a Chingerezi oti policy, kotero khonsolo inatsala ndi mphamvu yopanga ziganizo koma yosakonza mfundo zoyendetsera zinthu. Pa ndime 5, aphungu a Nyumba ya Malamulo, amene poyamba ankakhala nawo pamisonkhano popanda voti monga mafumu, anapatsidwa voti. Mawodi anachepetsedwa kwambiri, mwakuti mu 2014 dziko lonse linasankha makhansala 462 okha. Wapampando wa khonsolo ya boma anayamba kukhala pampando chaka chimodzi chokha. Tikaphatikiza zonsezi, bwanamkubwa anaikidwa pansi pa khonsolo yofooka, yosinthasintha mtsogoleri chaka ndi chaka, pamene dzanja lomulemba ntchito lili kutali ndipo ndi lamphamvu.

Tisafulumire kunena kuti osintha lamulowo analibiretu mfundo. Bwanamkubwa amagwiradi ntchito zambiri za boma lalikulu. Nkhani za ufumu zimadzera pa tebulo lake, chuma cha masiye chimadzera pomwepo, ndipo namondwe Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu March 2023, ofesi ya DC ndiyo inkasonkhanitsa maina a ovutika ndi kulondoloza thandizo. Iye ndiyenso amayankha za ndalama za khonsolo pamaso pa komiti ya aphungu yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma. Palinso mantha oona akuti makhansala atapatsidwa mphamvu yolemba ntchito angaike m'bale wawo kapena wachipani chawo. Vuto la kalembedwe ka 2010 n'lakuti sikanasankhe. Kanatenga mphamvu yolemba ntchito n'kusiya mawu oti womulamula ndi khonsolo, ndipo mtolo wa kusagwirizanako unagwera pamutu pa munthu wokhala pampandoyo.

Tsopano tione zimene ndimeyi sinena, pakuti lamulo limalankhulanso pamene lakhala chete. Silinenapo za mmene munthu wapaudindowu azikulira pa luso lake, kapena za amene angaime naye zinthu zikamuthina. Tangoganizirani tsiku la msonkhano wa khonsolo yonse. Wapampando ali kutsogolo, mafumu ali mbali yawo, aphungu afika mochedwerapo magalimoto awo ali mbuu fumbi, ndipo bwanamkubwa wakhala pambali pa wapampando ndi mafaelo ake. Pabuka nkhani ya mjigo kapena mlatho woti umangidwe. Makhansala akuloza mudzi wina, phungu akuloza wina, malamulo ogulira katundu akunena zinanso. Foni yake ili pa tebulo chafufumimba, koma aliyense m'chipindamo akudziwa kuti ikhoza kulira kuchokera ku likulu. Sukulu ikhoza kumuphunzitsa malamulo a zachuma, ndipo ambiri anadzera ku Mpemba, kumene tsopano ndi mbali ya Malawi School of Government. Chimene sukulu singamupatse ndi mnzake woti amuimbire usiku womwewo n'kumufunsa kuti, "Achimwene, inu zoterezi munathana nazo bwanji?"

Kumaiko kumene ntchito imeneyi inakhwima, anaikhwimitsa ndi eni ake. Ku America, mzinda wa Staunton ku Virginia unalemba manijala wa mzinda mu 1908, ndipo Dayton ku Ohio inatsatira mu 1914. Chaka chomwecho cha 1914 mamanijala ochepa anakumana n'kuyambitsa bungwe lomwe lero limatchedwa International City/County Management Association, mwachidule ICMA, ndipo mu 1924 analemba malamulo a khalidwe omanga membala aliyense. Kumeneko manijala amalembedwa ndi khonsolo ndipo khonsolo ikhoza kumuchotsa itafuna, choncho anadziwa kuti popanda kugwirana manja aliyense adzagwa yekhayekha. Malamulo awo amaletsa membala kulowerera ndale zosankha anthu amene amamulamula. Amamulimbikitsa kukhala pamalo zaka zosachepera ziwiri asanasamuke, ndi kupatula maola 40 pachaka oonjezera maphunziro. Bungweli limasamalanso mamembala amene ntchito yawathera, ndipo mamanijala opuma pantchito amayendera anzawo monga alangizi. Zonsezi zinatheka chifukwa funso loti manijala ndi wa yani linayankhidwa kale, ndipo membala wa bungweli ndi munthu, dzina lake ndi mbiri yake.

Kwathu kuno tili ndi Malawi Local Government Association, MALGA, ndipo yaonetsa kuti imadziwa kuwerenga lamulo. Mu May 2025 bwalo lalikulu la milandu, pa mlandu umene bungweli linabweretsa, linagamula kuti aphungu kuvota m'makhonsolo ndi kulowerera kayendetsedwe ka thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Umenewo unali mlandu wa ndime 5. Koma mamembala a MALGA ndi makhonsolo. Khonsolo ya Machinga ndi membala, ya Balaka ndi membala, ndipo bwanamkubwa amalowamo chifukwa cha mpando umene wakhalapo. Kalata yomusamutsa ikafika, mpando umatsala ndi umembala wake, munthu n'kukweza katundu pa lole.

Chimene chimakwera pa loleyo si mipando ndi mbale zokha. Woyendetsa Machinga, boma la anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa 2018, amatenga nthawi kuti adziwe mmene moyo wa asodzi ndi alimi a mpunga umasinthira nyanja ya Chilwa ikaphwa, mmene angalankhulire ndi midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Liwonde njovu zikaononga mbewu, ndi ulemu woyenera pofika kwa Kawinga kapena kwa Nyambi. Wa ku Balaka amaphunzira kuti mvula kumeneko ndi yanjomba, kuti mtengo wa thonje ukagwa msonkho wa pamsika nawonso umagwa, ndiponso kuti kwa Kalembo ndi kwa Nsamala nkhani sizikambidwa mofanana. Maboma onse awiri analandiranso ntchito ya m'tauni pamene makhonsolo a matauni a Liwonde ndi Balaka anaphatikizidwa ku makhonsolo a maboma, kotero munthu mmodzi amaganiza za zinyalala ndi mapuloti a m'tauni m'mawa, madzulo za mjigo wa ku Nayuchi kapena ku Utale. Nzeru zoterezi sizikwana m'kapepala kosiyirana ofesi. Mlendo ndi mame, ndipo lamulo likalola kuti woyendetsa boma akhale mlendo nthawi zonse, dera limayambiranso kuphunzitsa munthu watsopano chaka chilichonse chimene kalata yabwera.

Masiku ano makhonsolo amayesedwa chaka ndi chaka pa kagwiridwe ka ntchito, ndipo ndalama zina za chitukuko, monga za pulojekiti ya GESD yothandizidwa ndi World Bank, zimadalira zotsatira za mayesowo. Ndi chinthu chabwino, koma chimayesa khonsolo, pamene luso limakhala mwa munthu. Kuwerenga ndime 11 kukutionetsa kuti mpata ulipo pawiri. Wina ndi wa opanga malamulo, woti mafuwa atatu aja alozenso kumodzi, kaya wolemba ntchito akhale khonsolo kaya bungwe loima palokha loona za antchito a m'makhonsolo. Wina suyembekeza Nyumba ya Malamulo. Mabwanamkubwa ndi akuluakulu oyendetsa mizinda akhoza kukhala ndi bungwe lolembetsa munthu m'dzina lake, lokhala ndi malamulo a khalidwe amene iwo eni alemba ndipo akhoza kudzudzulirana, lotenga opuma pantchito kuti azilangiza atsopano, ndi losataya membala tsiku limene wachotsedwa pampando. Munthu wodziwa kuti anzake a luso limodzi adzamufunsa za siginecha yake amakhala ndi poimira foni ija ikalira, ndipo amatha kuyankha mwaulemu kuti, "Bwana, zimenezo malamulo sakundilola."

Mayi wa ku Ulongwe uja sadzawerenga ndime 11. Iye adzalawirira, adzalipira kabaza ndi minibasi, adzakhala pa benchi panja pa ofesi atagwira kalata ya amfumu yokhudza chuma cha malemu amuna ake. Akamati wabwera ku boma, akuyembekeza kuti munthu ali kuseri kwa chitsekocho ndi wa boma lapafupili, akudziwa kumene Ulongwe ali, ndipo adzakhala alipobe mwezi wamawa akadzabweranso kudzamva yankho.