Chikombole cha Elmer Keith

Ku America kuli akatswiri a mfuti zam'manja amene sagula zipolopolo kusitolo. Amazipanga okha kuseri kwa nyumba.

Amasungunula mtovu mumphika, pakuti umasungunuka ukangofika madigiri 327, n'kuthiramo tini ndi antimony pang'ono kuti ulimbe. Ambiri ankautola kumagalaja, kuchokera ku tizitsulo tolinganizira mawilo a galimoto. Akauthira m'chikombole chimene sichinatenthe bwino, chipolopolo chimatuluka ndi makwinya ngati nkhope ya agogo, ndipo chimabwerera mumphika popanda kukambirana. Chosalala amachipaka mafuta, n'kuchilowetsa m'khoko lamkuwa lomwe linawombedwapo kale. Onga amauyeza pasikelo mosamala kwambiri, chifukwa ukapitirira ungaphulitse mfuti m'manja mwa mwini wake.

Elmer Keith, woweta ng'ombe wa ku Idaho, ndiye amatchulidwa kwambiri pa lusoli. Chipolopolo chake cha mphuno yaphwatalala, cha chikombole nambala 429421 cha kampani ya Lyman, anthu akuchiumbabe. Kuyesayesa kwake kunakopa makampani a Remington ndi Smith & Wesson kuti atulutse zipolopolo ndi mfuti za .44 Magnum chapakati pa zaka za m'ma 1950.

Mtovu ndi poizoni, choncho mmisiri wanzeru amatsegula mawindo ndipo sadyera pamphikapo.