Mmene Mmisiri Amadzutsira Nyumba ya Makolo

Nyumba imene yakhala yotseka mvula ziwiri kapena zitatu imakalamba msanga kuposa imene mukugona anthu. Ku Madzimoyo, m'mbali mwa msewu wa Great East ukamayandikira Chipata kuchokera ku Katete, nyumba zotere zilipo: za njerwa zootcha, zofolera malata, zomangidwa ndi aphunzitsi ndi antchito aboma amene anabwerera kumudzi atapuma pantchito. Makolo akatisiya, kapena ana akawatenga kuti akakhale nawo ku Lusaka, banja limakhala pansi n'kugwirizana zogulitsa, ndipo aliyense amayamba kukamba za penti. Mmisiri wodziwa ntchito amavomera mwaulemu, koma pentiyo amaiika kumapeto kwenikweni. Ndinaonerera bambo wina wachikulire akukonza nyumba ya zipinda zinayi m'chilimwe, ndipo dongosolo lawo linali lotsata madzi: kumene amalowera, kumene amadutsa, ndi kumene amakakhala.

Tsiku loyamba sanabwere ndi wilibala kapena fosholo. M'thumba munali kahamala, msomali wautali ndi khala. Anayamba kuzungulira kunja maso ali pansi, kuyang'ana kangalande kamene madzi a padenga anakumba m'mphepete mwa khoma. Pamene kangalandeko kazama, amadziwa kuti maziko akhala akumwa madzi. Atalowa m'kati anayamba kugogoda pulasitala pang'onopang'ono, khutu ali pafupi ndi khoma. Pulasitala wogwira amalira mouma. Amene walekana ndi njerwa amalira mwamphako, ngakhale maso akumuona wosalala. Paliponse pamene panalira mwamphako ankazunguliza mzere ndi khala lija. Dzuwa litafika paliwombo anatseka zitseko ndi mawindo onse, nakwera kukasuzumira pamwamba pa siling'i. Mumdima umenewo kabowo kalikonse ka pamalata kamadziulula kokha ndi kuwala.

Msomali uja unali ndi ntchito ziwiri. Ankabaya nawo mitengo ya denga, chifukwa chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu lakunja lili bwinobwino. Ankakandanso nawo pakati pa njerwa kuti adziwe chimene omanga oyamba anamangira. Kuumba ndi kuotcha njerwa n'kwakale m'dera lino. Amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula Magwero mu 1899 ndi Madzimoyo mu 1903, ndipo pamalo a mishoni otere anthu ankaphunzirapo zomangamanga ndi ukalipentala. Nyumba zambiri za m'midzi zinamangidwa ndi njerwa zootcha zolumikiza ndi dothi, simenti n'kungoidzoza kunja. Msomali utatulutsa fumbi lofiira m'malo mwa simenti, bambowo anagwedeza mutu mokhutira. Anali atadziwa kuti khomali ndi lofewa m'kati, ndipo zonse zimene adzaikepo ziyenera kugwirizana ndi kufewa kumeneko.

Ntchito inayambira padenga. Malata akale ambiri ndi okhuthala kuposa otchipa a masiku ano, choncho sanathamangire kuwataya. Ankazula misomali ataika kathabwa pansi pa hamala kuti lata lisapindike, n'kutsitsa limodzilimodzi, kulikwecha dzimbiri ndi burashi ya waya. Olimba anabwerera pamwamba, oboola kwambiri anapita kukafolera khitchini yakunja. Pokhomanso, msomali uliwonse unkalowa pamsana pa lata, pamene madzi sayendapo, ndipo mabowo akale ankawamata ndi phula. Posanjikiza malata ankaonetsetsa kuti m'mphepete mwa lata lapamwamba mwafulatira kumene mphepo imakonda kuchokera. Nyumba zina za nthawi imeneyo zinafoleredwa ndi asibesitosi, ndipo mmisiri wosamala saidula kapena kuikwecha youma, popeza fumbi lake limawononga mapapo.

Mtengo umene chiswe chinadya kunsonga kokha sanautaye wonse. Anaudula mopendekera kufikira pamene msomali sukulowanso, nadulanso wa bulugamu watsopano mopendekera momwemo, kuti iwiriyo igonerane, kenako n'kuimanga mbali zonse ndi matabwa. Mitengo yonse anaipaka oyilo wakuda wotha ntchito m'galimoto. Koma chimene ndinachita nacho chidwi kwambiri n'chakuti anatsata kanjira ka dothi kamene chiswe chinamanga, kutsika ndi khoma, kudutsa kuseri kwa mphuthu ya chitseko, mpaka kunja pa chitsa cha mtengo chimene chinaolera pansi. Anachizula chitsacho, n'kuthira mankhwala m'dzenjemo ndi m'ngalande yozungulira nyumba.

Ming'alu ya pakhoma ili mitundu iwiri, yakufa ndi yamoyo, ndipo maso okha sangaisiyanitse. Pa mng'alu uliwonse waukulu anamata kachigamba kopyapyala ka simenti mopingasa, n'kukasiya pamene ankagwira za denga. Patapita masabata angapo, zigamba zambiri zinali zilipobe. Chimodzi, cha pakona yoyang'ana kumtengo wa mango, chinali chitang'ambika. Khomalo linali likuyendabe. Anakumba m'mbali mwa maziko, napeza mizu ikuluikulu italowa pansi pake. Anaidula, nalimbitsa pansipo ndi konkire kachigawo kamodzikamodzi, osakumba ponse nthawi imodzi, kuopa kuti khoma lingatsale m'malere. Kenako anasoka mng'aluwo monga mayi amasokera thumba long'ambika: mizere itatu iliyonse ya njerwa ankakolokosa dothi m'mbali zonse za mng'alu, kulowetsamo waya wolimba mopingasa, n'kutsekera ndi simenti. Pamwamba pake anakhomapo waya wa khola la nkhuku kuti pulasitala watsopano asadzang'ambikire pomwepo.

Mwana wamkazi wa eni nyumba, amene ankasunga ndalama za ntchitoyi, anafunsa kuti, "Atate, sitingangomata n'kupaka penti? Wogula sadzaona." Bambowo anayankha mofatsa kuti mvula yoyamba idzaona, ndipo wogulayo ndi munthu amene adzakhale naye tchalitchi chimodzi.

Mchenga ankauyesa ndi dzanja. Amatapa wonyowa, kuufumbata, n'kutambasula chikhatho. Ukasiya dzanja lofiira ndi lonanda, muli dothi lambiri ndipo pulasitala wake adzachita ming'alu. Wabwino, wa mumtsinje, umangoyoyoka. Mnyamata wothandizira ankauponya ndi fosholo pa sefa yoimika mopendekera, timiyala n'kugwera kutsogolo, wosalala kuseri. Posakaniza, thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 linkalandira mawilibala atatu a mchenga. Mnyamatayo ankafuna awiri okha, poganiza kuti simenti yambiri ndiyo mphamvu. Koma simenti imafota ikamauma, ndipo pulasitala wolimba kwambiri pa khoma lofewa amadzikoka yekha n'kulekana nalo. Khoma la dothi limafuna pulasitala amene angayende nalo limodzi.

Kuponya pulasitala ndi luso lokoma kuliyang'ana. Khoma amayamba alisesa, kukolokosa pang'ono pakati pa njerwa kuti pulasitala apeze pogwira, n'kuliwaza madzi mpaka lileke kumwa mwaludzu. Bambowo ankatapa ndi mpeni womangira kuchokera pa kathabwa kamene anagwira kumanzere, n'kuponya ndi kadzanja kokha, phewa osagwedezeka. Phwa, phwa, phwa, mizere kukwera kuchokera pansi. Mphamvu ya kuponyako ndiyo imalowetsa simenti m'timabowo ta njerwa. Akadzaza chigawo, ankadikira. Kudikirako ndiko sindinathe kukumvetsa msanga, chifukwa sankayang'ana wotchi, ankangodina ndi chala. Pulasitala akaleka kumata chala, ankatenga thabwa lalitali lowongoka n'kumeta zotumphuka, kudzaza molowa, kenako n'kusisita mozungulira ndi kathabwa kachogwirira mpaka pamene chigamba chatsopano chakumana ndi pulasitala wakale posaonekanso. M'kutentha kwa Okutobala ankatsata mthunzi: kum'mawa kwa nyumba ankakugwira masana, kumadzulo m'mamawa. Sabata yonse yotsatira mnyamata ankathirira khomalo m'mawa ndi madzulo, popeza simenti imalimba ndi madzi, ndipo ikauma msanga imasanduka fumbi.

M'munsi mwa makoma, mpaka m'mawondo, penti yakale inali itatukusira ndipo panali ufa woyera ngati mchere. Ndi mcheredi, umene chinyezi chimakwera nawo kuchokera pansi n'kuusiya chikauma. Gwero lake linali maluwa amene mayi a nyumbayo anabzala mogundiza khoma, dothi lake n'kukwera chaka ndi chaka. Analichotsa dothilo, nagumula pulasitala wodwalayo, n'kusiya njerwa pamtunda kuti ziume. Pambuyo pake anazunguliza nyumba ndi kakhonde ka simenti kotsetserekera kunja. Poyeza kutsetserekako anagwiritsa ntchito payipi yoonekera m'kati yodzaza madzi. Madzi a kunsonga ziwiri za payipiyo amaima pa msinkhu umodzi nthawi zonse, ngakhale nsonga ina ili kuseri kwa nyumba, ndipo ndi chida chotchipa chimenecho anthu awiri anayeza mbali zonse zinayi molondola.

Kalipentala anabwera masiku owerengeka. Chitseko chakumaso chinali ndi penti yobiriwira pamwamba pa yabuluu pamwamba pa yoyera, ndipo ana ankati chichotsedwe, aikepo chachitsulo. Iye anachikanda pakona ndi chigalasi chosweka, ndipo pansi pake panatuluka mlombwa wofiirira, mtengo umene chiswe sichiukonda. Anachipala chonse ndi magalasi omwewo, kutsata mmene mtengo unamerera, n'kuchidzoza vanishi. Mabowo a masikuluwu amene anakula anawatseka ndi timitengo tosema, kuti masikuluwu agwirenso ndipo chitseko chileke kukhula pansi. Pa mawindo achitsulo anagoba pate wakale wouma, nakanya watsopano m'manja mpaka afewe, kumudina ndi chala chachikulu m'mphepete mwa galasi, n'kumudula kamodzi kokha ndi mpeni mopendekera kuti madzi azitsetsereka.

Pansi pa nyumba panali simenti yofiira ija ya makolo athu. Ena amathamangira matailosi, koma pa nyumba yogulitsa ndalama zake sizibwerera, ndipo simenti yofiira yosamalidwa bwino ilibe chochititsa manyazi. Chovuta ndi mtundu. Ufa wofiira wosakaniza ndi simenti umaoneka wakuda ukakhala wonyowa, n'kuyera ukauma. Bambowo anapanga tizigamba titatu toyesera pa njerwa, tosiyana muyeso, natisiya tiume, n'kutiyerekeza ndi pansi pakale asanamate mng'alu ngakhale umodzi. Atamaliza, ntchito inatsala kwa amayi: polishi wa Cobra wopaka mopyapyala, kumusiya aume, burashi kuphazi, nsanza pomalizira.

Apa ndipo penti inafika. Kunja anasankha laimu, amene anamuviika usiku wonse, kumusefa pa nsalu, n'kuthiramo mchere pang'ono. Laimu amapakidwa wamadzimadzi, ndipo ulendo woyamba khoma limaoneka ngati langonyowa. Kuyera kumabwera likamauma, n'kumakula ulendo wachiwiri ndi wachitatu. Ubwino wake pa khoma lakale ndi wakuti chinyezi chimatha kutuluka, pamene penti ya mafuta imachitsekera m'kati. M'zipinda anapaka PVA wowala, mtundu umodzi nyumba yonse, ndipo kunja m'munsi anazunguliza lamba wakuda wolandira matope a mvula. Mzere wa lambayo anautenga ndi chingwe chopaka makala, kuchikoka mbali ziwiri n'kuchilasa pakhoma.

Kukonzera maso a wogula inali ntchito ya azakhali ndi ana aakazi, ndipo nayonso ili ndi nzeru zake. Zithunzi, makalendala a mpingo, makina osokera ndi mbale za m'kabati anagawana monga mwa mwambo wa banja. Anasiya tebulo, mipando iwiri, ndi bedi limodzi loyala bwino, kuti wolowa aone kukula kwa chipinda n'kuyamba kuikamo katundu wake m'maganizo. Makatani anachapidwa n'kukokeredwa m'mbali. Nthambi za mango zogunda denga zinadulidwa, koma mthunzi wa pabwalo unasiyidwa. Chimbudzi chinalandira chitseko chotsekeka, chivundikiro ndi phulusa, chifukwa amayi odzaona nyumba amapita kumeneko ndi kukhitchini asanayamikire chipinda chochezera. Bwalo linaseseredwa kuyambira kumsewu.

Zonse zimene zinasinthidwa bambowo anazilemba m'kabuku ka sukulu, malata angati, mitengo iti, ngakhale mng'alu wosokedwa uja, nauza banja kuti kabukuko akaonetse wogula. Anawakumbutsanso za mapepala. Ngati kholo linamwalira osasiya wilo, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limapereka nyumba kwa mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo woyang'anira chuma cha masiye sangaigulitse popanda chilolezo cha khoti. Ngati ili pa malo a mafumu, nkhani imadzera kwa anyakwawa ndi mfumu. Ngati ili ndi taitolo ya zaka 99 pansi pa Lands Act ya 1995, pamafunika chilolezo cha Commissioner of Lands ndi msonkho wa ku ZRA. Zimenezi zimatenga nthawi yaitali kuposa kufolera ndi kupaka laimu, choncho banja linali litayamba kale kuziyendera sabata lomwe malata oyamba anatsitsidwa.