"Choulutsira" ndi "palibe": mawu aŵiri osokeretsa amisiri

Taona pepala lina lophunzitsira amisiri kayesedwe ka kachipangizo kotchedwa transmitter, ndipo mawu aŵiri m'menemo sitidagwirizane nawo.

Liwu loyamba ndi "choulutsira". Womasulira adaganiza za wailesi, chikhalirecho kachipangizoka sikaulutsa kanthu. Tiyerekeze thanki yolandira madzi ochokera m'damu la Mulunguzi pa phiri la Zomba: kachipangizo kamayeza kuya kwa madziwo, n'kutumiza muyezo pa waya monga magetsi a pakati pa 4 mA ndi 20 mA. "Chotumiza muyezo" ndi mawu otalikirapo, komabe akunena zoona.

Vuto lenileni lili pa "palibe". Poyesa njira yonse, mmisiri amaloŵetsa 4, 8, 12, 16 ndi 20 mA motsatana, mnzake ali m'chipinda choyang'anira kuona ngati 12 mA ikusonyezadi theka la thanki. Pepalali lalemba "palibe" pa 4 mA, lalembanso "palibe" pa 0 mA. Izitu n'zosiyana. 4 mA ikutanthauza kuti thanki yauma koma waya ngwamoyo. 0 mA ikutanthauza kuti waya waduka kapena magetsi athima, ndipo mwina nthaŵi yomweyo thanki ikusefukira. Okonza makinaŵa adayambira pa 4 mwadala kuti kusiyanaku kuoneke, koma womasulira wakufafaniza ndi liwu limodzi.

Chicheŵa sichisoŵa mawu pano. Pa 4 mA tilembe "poyambira muyezo", ndipo pa 0 mA tilembe "njira yaduka".